Mkamwini Woyenda M'tchire

Anthu a ku Nsungwi akhala akuikhotetsa nkhani ya mdzukulu wanga Greyson. Ena akuti anagwera m'dambo ndi iyeyo, ena akuti analira ngati mwana pamaso pa mpingo wonse. Ndaona kuti ndiilembe ndekha, chifukwa ndinalipo, ndipo mwanayo ndinamulera ndine. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma inali Sitandade 6 yakale, osati ya masiku ano yomwe mwana amamaliza asakudziwa kulemba dzina la agogo ake.

Greyson ndi mwana wa malemu mwana wanga wamkazi woyamba. Anafika m'manja mwanga kuno ku Chinsapo akukwawa. Anzake akamathamangitsana ndi mpira wachikulunga, iye ankakhala kuseri kwa mpanda n'kumakhoma zitini, kupanga timagalimoto. Lero akudyera zomwezo. Ali ndi shedi yake pafupi ndi msika, amakhoma mbaula, ndowa ndi makheni othirira mbewu. Mbaula ya Greyson mukagula, mudzatsogola ndinu kumanda, iyo ikadali pakhonde. Samwa, sasuta, mpira amaonera koma sabetcha. Akaona munthu wamkulu atasenza katundu amasiya nyundo n'kukamulandira, ngakhale munthuyo akhale wogula mbaula kwa ena.

Tsiku lomwe anandiuza kuti wapeza mbeta ndinamukhazika pansi. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo ngakhale ndinabwera kuno Chinsapo akadali minda ya chimanga, mwambo sindinausiye m'basi. Ndinati, "Greyson, mkazi ndi wako, koma mayi ake si anzako. Apongozi sayang'anidwa kumaso. Ukakumana nawo panjira, patuka uwasiyire njira. Usamadye iwo akuona. Ukafuna kuwauza kanthu, tuma munthu." Ndi momwe ankachitira malemu amuna anga ndi mayi anga, mpaka tsiku lomwe mayi anawapatsa nkhuku n'kunena kuti basi, manyazi athe. Womasula mkamwini ndi mpongozi, palibenso wina. Greyson anamva. Ndipo iye ukamuuza chinthu, amachikhomerera ngati chogwirira cha ndowa.

Mtsikanayo ndi Maness, mwana wabwino, amaphunzitsa ana kusukulu ya mkaka. Sindimunena kanthu. Mayi ake ndi Mayi Emmie a ku Nsungwi, namfedwa, anagwirapo ntchito yotayipa m'maofesi a boma, ndipo ndi wapampando wa amayi kutchalitchi kwawo. Anabadwira m'tauni, amavala magalasi okhala ndi tcheni ndi zikhadabo zoikirira, ndipo aliyense amene akumana naye amamukumbatira, amati hagi. Pa chinkhoswe anatambasula manja kulunjika kwa mkamwini wawo. Greyson anagwada kuseri kwa galimoto n'kuwaombera m'manja ali komweko. Anthu anaseka, amayiwo anakumbatira mphepo.

Zinayambira pamenepo. Tsiku lina ku depoti Mayi Emmie anakwera minibasi yomwe munali Greyson, ndipo mpando wotsala unali pambali pake. Mwana wanga anatulukira pawindo, n'kusiya mbaula za kasitomala zikupita zokha ku Area 25. Tsiku linanso amayiwo anafika kunyumba kwake osanena, Greyson akudya. Anatulukira khomo lakuseri n'kukakhala m'bafa mpaka alendo atatsanzika. Maness ankafotokoza, koma mayi ake anali atamanga kale mfundo. Ankati mwamuna wothawa maso a anthu ali ndi chake: kaya mkazi wina, kaya chidani.

Ndinakwera minibasi ndekha kupita ku Nsungwi.

"Asewere," ndinatero, "chomwe mukuonachi ndi ulemu."

"Ulemu wanji wotulukira pawindo?" anatero iwo. "Zimenezo n'za kumudzi, kuno n'ku Lilongwe. Ine mwana wanga sindinamukwatitse kwa gwape."

Ndinawayankha mawu ena omwe sindilemba pano, chifukwa tsiku lina pepalali adzawerenga ana.

Maness atachira, mwana wamkazi, dzina lake Angel, anapita kwa mayi ake kukakhala chikuta monga amachitira aliyense. Mchombo unagwa, mwana anayamba kuseka, anayamba kukhala pansi, Maness osabwerera. Mayi Emmie anati Maness sachoka pakhomo pawo mpaka bambo a mwanayo adzalowe m'nyumba, akhale pa sofa, awayang'ane m'maso, anene chomwe anawalakwira. Greyson ankapita Loweruka lililonse, n'kuika sopo ndi shuga pageti, n'kuimbira foni mkazi wake ali kuseri kwa mpanda womwewo. Mwana wake ankamuonera pamwamba pa njerwa. Anayamba kuonda, lamba anaboola bowo lina. Ankhoswe a kuchikazi anayamba kulankhula mawu oti banjali aliunikenso. Nanga banja lithe chifukwa mwana wanga ali ndi ulemu?

Ndiye kunabwera za ulendo. Bambo Josiah, mkulu wa mpingo wathu, anaona pafoni kuti azungu amalipira ndalama kuti akayende m'tchire. Anati nafenso, mpingo wa ku Chinsapo ndi wa ku Nsungwi, tipite ku Dzalanyama tikayende wapansi, tikaone malo omwe makolo ankapembedzerako. Anadinditsa ndi matisheti, kumsana kutalembedwa kuti "M'mapazi a Makolo". Maness, wochenjera uja, analembetsa mayi ake, n'kuuza Bambo Josiah kuti mwamuna wake ndi wamphamvu, akhoza kusenza bokosi la madzi ozizira. Sanauze uyu za uyo. Anandinong'oneza ine ndekha pafoni, ndipo ndinati ndikupita nawo. Sindikanalola mdzukulu wanga akakumane ndi a ku Nsungwi popanda wake.

Unali mwezi wa June, kukuzizira. Mukanawaona anthu ake! Anthu omwe amakwera kabaza popita kogula tomato, anthu omwe makolo awo anathawa kumudzi chifukwa chotopa ndi kuyenda, tsiku limenelo anasonkha ndalama za basi kuti akayende. Nsapato zoyera mbee za pakaunjika, magalasi a dzuwa, zipewa, wina ndi sipika yake ikuimba kwaya. Ine ndinavala nsapato zanga za sofiya ndi zitenje ziwiri.

Mabasi anali awiri, wathu ndi wawo, ndipo tinakumana potsika, m'mphepete mwa nkhalango. Greyson atangoona magalasi a tcheni akutsika masitepe, anatukula bokosi lija, kuliika pamutu, n'kulowa m'tchire. Kuyambira pamenepo ife tinkayenda m'njira, iye ankayenda m'mbali, tikungomva masamba ouma tswatswa ndi kuona bokosi labuluu likuyenda lokha pamwamba pa zitsamba.

Nkhalangoyo kumayambiriro ndi zitsa zokhazokha. Tinkapatukira njinga zosenza makala, matumba osanjikizana kuposa mutu wa mwini njinga. Bambo Josiah anatiimitsa, anavula chipewa, n'kunena mawu okhudza mtima: anthu opanda chifundo atha chilengedwe cha Mulungu, zidzukulu zathu zidzaona mitengo pa chithunzi. Amayi anayankha kuti zoonadi. Titanyamuka ndinacheuka, ndinapeza a mkulu atatsalira, akunenerera thumba, akuuza mwini wake kuti akawadikire pa basi.

M'kati mwenimweni mitengo ikadalipo, misuku ndi mitondo, mthunzi wozizira, timitsinje toyera tomwe anthu a m'tauni ankaopa kumwa koma ankajambulitsapo. Malo oyamba tinafika pa katchalitchi kakale ka njerwa, denga linagwa, mkuyu unamera pomwe panali guwa. Pamtengo panali limu la galimoto lomwe linali belu, ndipo chapafupi manda a mphunzitsi wina wakale, dzina linafufutika. Bambo Josiah anati agogo awo ndi amene anaumba njerwazo. Bambo wina wa ku Nsungwi anati ayi, anali agogo ake. Posakhalitsa theka la gulu linapezeka kuti ndi zidzukulu za oumba njerwa, ndipo ndinadabwa kuti kanyumba kochepa ngati khitchini yanga kanalemba ntchito anthu ambiri chotere.

Tinaimba nyimbo. Greyson ali ndi besi yabwino, ndipo inkamveka bwino lomwe kuchokera kuseri kwa khoma.

"Mukumumva?" anatero Mayi Emmie, mokweza kuti ndimve. "Mawu alipo, munthu palibe. Mwana wanga anakwatiwa ndi wailesi."

"Wailesi yake ndi yomwe ikukusenzerani madzi mukumwawo," ndinatero.

Malo achiwiri anali pa kachisi, pomwe akuti akale ankapempherapo mvula. Palibe nyumba, ndi mtengo waukulu chabe ndi mapale a miphika pansi pake. Tisanafike, Bambo Josiah anatilangiza kuti awa ndi malo a mdima, tabwera kudzaona momwe makolo anasocherera, Mkhristu alibe choopa. Koma titayandikira, wa sipika uja anazimitsa yekha, zipewa zinatsika zokha, ndipo a mkuluwo ankaloza mtengowo ndi chibwano, chala atachibisa m'thumba. Ine ndine Mkhristu wobatizidwa, koma agogo anga ankapempha mvula pamalo ngati amenewa, ndipo sindinamvepo kuti anabwerako ndi fumbi. Ndinangodutsa mwaulemu.

Kuchoka apo njira imapanikizika pakati pa thanthwe ndi zitsamba zowirira, moti anthu amadutsa mmodzimmodzi. Greyson anali atatsogola. Bambo Josiah, omwe anali kumbuyo, anakuwa kuti akufuna madzi. Mwana womvera uja anatembenuka, n'kubwerera chothamanga, ndipo pokhota anangoti gululu ndi apongozi ake, maso ndi maso. Kumanzere thanthwe. Anadumphira kumanja. Ine ndinali nditaziona kale nyemba zaubweya zikulendewera pamenepo, koma pakamwa panachedwa. Chinali chitedze, chokhwima bwino, cha mwezi wa June.

Amene chitedze chinamugwirapo akudziwa. Munthu amavula malaya pamsika, amagubuduka pansi, amaiwala dzina lake. Greyson anatuluka m'zitsambamo bokosi lili pamutu, anapereka madzi kwa a mkulu, n'kuima chapatali atafulatira. Sanakande. Akanda bwanji thupi apongozi ali pomwepo? Misozi yokha ndiyo inkatsika. Ndiye inu a ku Nsungwi amene mukuti analira, kalowenimo nanu tikaone ngati mukaimbe nyimbo.

Titakwera pamwamba mitengo inatha. Kumeneko ndi udzu wokhawokha, wofiirira, ukugona ndi mphepo, miyala apa ndi apo, thambo lonse lili poyera. Akuti chakutsogolo kuli thanthwe lokhala ndi mapazi a anthu oyamba, ndipo ndi komwe Bambo Josiah ankatitengera. Sitinafikeko. Poyera paja Greyson analibe pobisala. Ankayenda patali, kutsidya kwa kadambo, akuoneka yense ngati mbuzi pa bwalo la mpira.

Mayi Emmie anaima, anakonza magalasi. "Lero ndiona komwe alowe," anatero. Anasiya njira n'kulunjika kwa iye, kudula pakati pa kadambo kaja.

Aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti udzu ukabiriwira mu June, pansi pake pali nkhani. Ndinakuwa, "Asewere, pobiriwirapo ayi!"

"Musamuikire kumbuyo!" anayankha osacheuka. "Bambo a Angel, taimani pomwepo! Lero mundiuza!"

Anaponda kamodzi, kawiri, kenako dambo linawalandira. Mwendo wina unalowa mpaka m'bondo, poti auzule winawo unalowa mpaka m'ntchafu, ndipo anakuwa kuti bondo lapotoka. Akamadzigwedeza ankangomirirabe.

Apa ndi pomwe ndinawaonera amuna a mipingo iwiri. Bambo Josiah anayambitsa pemphero, ataima pouma. Mdzukulu wa oumba njerwa wa ku Nsungwi uja anakumbukira kuti adokotala anamuletsa kunyamula zolemera. Wina anawalozetsa kandodo kojambulira, kotalika ngati mthiko. Otsalawo anatulutsa mafoni, kuti a m'tauni asaphonye.

Greyson anali atatula bokosi. Anazungulira n'kufika pomwe ndinali, atafulatira dambo.

"Agogo, ndichite bwanji?"

Ndinaganiza za mayi anga, ndinaganiza za Angel yemwe akukula akuona bambo ake pamwamba pa mpanda. Ndinati, "Ndinakuuza kuti usawayang'ane. Kodi ndinakuuzapo kuti uwasiye m'matope? Msana uli nawo, ndipo msana ulibe maso. Pita."

Analowa m'dambomo chafutambuyo, pang'onopang'ono, maso ali kuphiri. Atafika ananjuta, matope ali m'chiuno.

"Agogo," anakuwa, "auzeni amayi agwire mapewa!"

"Ndamva ndekha, ndili pompano!" anatero Mayi Emmie.

Anagwira. Munthu wokhoma malata tsiku lonse ali ndi msana. Anadzuka nawo, dambo linalira ngati ng'ombe ikuzula phazi, ndipo anatuluka onse awiri, nsapato imodzi yoyera itatsala pansi. Bambo Josiah anati ameni, n'kuuza anthu kuti aona okha mphamvu ya pemphero.

Kuyenda sakanatha, bondo linali litatupa. Panalibenso wina wodzipereka, choncho ulendo wa mapazi a makolo unathera pomwepo, ndipo Greyson anawabereka apongozi ake kutsika phiri lonse. Bokosi la madzi anasenza a adokotala-anandiletsa aja, chifukwa ndinawasenzetsa ndine. Ndinkayenda kumbuyo kwenikweni kwa awiriwo, ndipo zomwe ndikulemba apazi ndinamva ndi makutu anga.

Titalowanso m'mitengo, Mayi Emmie anati, "Khosi lanuli latani? Latupa ngati chikwapu chadutsapo."

"Agogo, auzeni amayi kuti..."

"Agogo ayi! Ndiuzeni ine. Ndili pamsana panu, mukufuna ndiyandikire pati?"

Anayenda pang'ono. Kenako, chapansipansi, "Ndi chitedze, amayi."

"Chija munadumphiramo pondithawa?"

"Eya, amayi."

"Nanga osakanda bwanji?"

"Pamaso panu sindingakande, amayi."

Tinadutsa pa kachisi paja. Ndinaona mutu wa amayiwo ukuyang'ana mikono ya mwanayo, zidzolo zokhazokha mpaka m'makutu.

"Ndiye mukufuna kundiuza kuti simundida?"

"Ndingade bwanji munthu amene anandiberekera Maness?"

"Nanga pawindo la minibasi paja?"

"Mpando unali umodzi, amayi. Mukanakhala mopanikizika."

"Mbaula zanu zija zili kwathu," anatero iwo patapita kanthawi. "Kondakitala anandipatsa ine. Imodzi ndikuphikira. Siwononga makala."

"Zikomo, amayi."

Kenako ndinaona chinthu chomwe mwambo wa ku Dedza sunachiganizirepo. Mayi Emmie anamasula dzanja limodzi, n'kuyamba kumukanda mkamwini wawo pakhosi ndi zikhadabo zawo zogula zija. Greyson anaima chilili, ndinaganiza kuti awagwetsa. "Yendani, bambo," anatero iwo, "simukundiona, si choncho?" Anayenda. Ndinamva akupuma ngati munthu amene wamwa madzi atatha tsiku padzuwa. Ine ndinayang'ana mitengo. Zomwe sindinaone sindingaweruze.

Pobwerera, m'basi mwathu munali mothina, chifukwa mipando yakumbuyo inakhalidwa ndi matumba a makala. Si a Bambo Josiah okha. Onse amene anati zoonadi aja anali ndi lawo.

Loweruka lotsatira ndinali kwa Greyson, ndikumuchapira makatani, pomwe takisi inaima pakhomo. Anatsika Maness, mwana kumsana, zikwama, beseni. Pomalizira anatsika Mayi Emmie, akutsimphina, jumbo ili m'manja. Greyson anali atayamba kale kuyang'ana khomo lakuseri, koma ndinamugwira malaya.

"Asewere," anatero amayiwo, "ndinaimbira azakhali anga ku Ntcheu. Akuti pamafunika nkhuku."

Anatulutsa m'jumbomo nkhuku ya m'sitolo, ya m'fuliji, yopanda mutu, yopanda miyendo, youma gwa ngati mwala wa pamtsinje. Nkhuku ya mwambo imabwera ikulira, yomangidwa miyendo ndi luzi, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zimenezo. Koma Maness anali atandiika kale Angel pamiyendo, ndipo kamwanako kanali katandigwira chala. Ndinati, "Nkhuku ndi nkhuku. Apatseni eni ake."

Anamupatsa m'manja. "Bambo a Angel, manyazi athe. Mwamva? Athe, ndatopa kulankhula ndi mipanda."

Greyson analandira ndi manja awiri, atagwada. Anakweza maso pang'onopang'ono, anafika pa tcheni cha magalasi, anapumira pamenepo, kenako anafika pamaso. Tsiku limenelo anadya nawo m'chipinda chimodzi, ngakhale anatsamwa kawiri.

Lero Angel akuyenda, ndipo akumathawira ku shedi kukasokoneza zitini za bambo ake. Greyson amapita ku Nsungwi n'kulowa pageti, amakhala pa sofa, chakumphepete. Hagi yokha anakana, ndipo pamenepo ndili naye limodzi; amapereka dzanja, lina litagwira pamkono. Mayi Emmie akumauza amayi a kutchalitchi kwawo kuti akamwini a masiku ano alibe mwambo, kupatula wawo. Sindiwatsutsa, ngakhale akumaiwala kunena amene anamulera.

Nsapato yawo ija ikadali m'dambo. Bambo Josiah akukonza ulendo wina, ndipo sindikukayika kuti wina akadzaifukula, adzatiuza kuti inali ya mkazi wa mmishonale, ndipo agogo awo ndi amene ankaipukuta.